Manati Asanu, Mayiko Asanu

Lolemba

Chinkhoswe cha mwana wanga Tadala chili Loweruka likudzali. Ntchito zagawidwa pakhomo pa alamu anga a Bizwiki, amalume ake a mwanayo. Ine ndine mkamwini kuno kwa Mavwere, chaka cha 26 tsopano, ndiye pa misonkhano yotere ndimakhala pampando wakumapeto, uja wopanda choyedzamira. Koma ngolo ndi yanga. Pamudzi ponse ilipo imodzi yokha.

Ntchito yanga:
1. Nkhuni, maulendo atatu, Lachitatu.
2. Chimanga kuchigayo, Lachinayi.
3. Mabenchi a kutchalitchi, Lachisanu.

Ndawauza kuti zimenezo asaziganizirenso. Ndanena mokweza.

Vuto ndi laling'ono. Tayala la kumanzere lang'ambika m'mbali. Lina labwino lili kale pakhonde, lopopa, langotsala kulowa. Manati ndi asanu basi. La kumanja ndinachotsapo chaka chatha ndi sipanala yobwereka, madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Ndapukuta mabawuti ndi chiguduli. Pamutu pa bawuti iliyonse pali chilembo L. London! Zaka zitatu ndikuyenda pa chitsulo cha ku Mangalande ine osadziwa. Amene anandigulitsa ngoloyi anangoti ekiselo yake inachoka ku galimoto lakale la pa esiteti.

Munthu wa ekiselo yotere sabwerekanso sipanala. Ndapalasa njinga mpaka pa Waliranji. Pa sitolo ya zitsulo zilipo ziwiri za saizi yanga:
– ya ku China: yonyezimira, ukhoza kumetera ndevu ukudziyang'anirapo. Yopepuka. Mtengo wa nkhuku imodzi.
– ya ku India: yakuda, yolemera, yokhakhala. Nkhuku ziwiri.

Mwini sitolo akuti, "Zonse n'zabwino, abwana, zimangosiyana kulimba."

Ndatenga ya ku China.

Lachiwiri

M'mawa. Ng'ombe ndazimasula zikadye, ndi kantchito ka mphindi zochepa.

Sipanala yagwira nati bwinobwino. Ndikoka. Ndikokanso. Ndipondapo ndi phazi. Kukamwa kwa sipanala kukuyasama pang'onopang'ono ngati munthu wa tulo pa ulaliki, ndipo sikukutsekanso. Nati ili pomwe inali.

China: maonekedwe abwino kwambiri. Ntchito palibe.

Masana, pa Waliranji kachiwiri. Mwini sitolo sakudabwa. "Ija ndi ya panjinga, abwana." Dzulo mawu amenewa analibe. Ndagula ya ku India. Ikulemera m'thumba mpaka njinga ikupendekera mbali imodzi. Chizindikiro chabwino.

Ndathira oyilo wakuda pa manati onse asanu kuti afewe. Amake Tadala aima pakhomo ndi lichero.

"Nkhuni ndi mawa, bambo ake Tadala."

Ndikudziwa. Kalendala ili m'nyumba mwanga.

Lachitatu

Lero ndawonjezera paipi yaitali ya pa mjigo wakale. Sipanala kunati, paipi kusipanala, ine kupaipi. Ndalendewera mpaka mapazi achoka pansi.

Ya ku India sinayasame. Sinathyokenso. Yapindika ngati nthochi, mwakachetechete, mosafuna kundikhumudwitsa. Ndiyenera kulemba kuti ili ndi khalidwe.

Abwera a Gilevazio, aneba athu amene anakhala ku Joni zaka zisanu ndi zinayi. Atenga bobojani yawo, sipanala ija yosintha kukamwa. Anaigula komweko. Malamulo ake:
– osaikako paipi
– osamenya ndi hamala
– osapondapo
– mwini wake akhale pomwepo

Akhala pomwepo, pampando wanga, akusenda mtedza wanga. "Ku Joni nati ngati imeneyi amamasula ndi mphepo," akutero. Kuno mphepo ilipo yambiri, ikungouluza fumbi.

Bobojani yaterereka. Zala zanga zitatu zasupuka pa mkombero, magazi chuchuchu. A Gilevazio adzuka mothamanga, atola bobojani, aitembenuza uku ndi uku. Akuti sinavulale.

Joni: mwina ndi yabwino. Sitinaloledwe kudziwa.

Nkhuni asenza azimayi asanu ndi atatu pamutu, maulendo anayi. Njira yachidule yodzera kudambo ili kuseri kwa nyumba, koma adzera pano pa ngolo, pamzere, ndipo aliyense wandipatsa moni payekha. "Mwaswera bwanji, alamu?" Kasanu n'katatu, maulendo anayi. Ndayankha monse.

Lachinayi

Mbiri yafika kutali. M'mawa waima pakhomo bambo wina wa njinga yamoto wochokera kuboda, wogulitsa zitenje, mabatire ndi zitsulo. Akuti wamva kuti pano pakufunika sipanala yeniyeni. Watulutsa ya m'pepala lapulasitiki. Ya ku Jeremani!

Pamsana pake palembedwa GREMANY. Ndafunsa za kalembedweko.

"Ndi mmene amalembera eni ake kumeneko, bigi."

Sindinapiteko. Sindingatsutse.

Ndalama pafupi panalibe, ndiye tagwirizana kusinthana ndi msoti wathu woyera wonenepa. Waumanga kumbuyo kwa njinga, wapita.

Kukoka koyamba: thyo! Chidutswa chimodzi chatsala m'manja, china chagwera m'khola la mbuzi. Mkati mwa chitsulo muli ngati mchenga wouma. Fumbi la njinga yamoto lija linali lisanakhazikike n'komwe pamsewu.

Jeremani: sindikufuna kulakwira dziko la eni. Mwina silikudziwa kuti sipanalayi ilipo.

Masana ndamva kuti msoti woyera uja ndi umene amake Tadala amasungira chinkhoswe, woti ukaperekedwe kwa akuchimuna pamaso pa anthu. Akhala akuupatsa gaga pawokha miyezi iwiri. Ine ndimangoti ndi nkhuku yadyera.

Amake Tadala sanakalipe. Angoti, "Chabwino." Kenako asesa bwalo lomwe anasesa kale m'mawa. Bola akanakalipa.

Chimanga chapita kuchigayo pa ngolo ya kumudzi wina. A Bizwiki akonza zimenezo. Ngolo ya abulu. Abulu!

Tadala wandibweretsera madzi ofunda a mchere otsukira zala. Wakhala pa njerwa pafupi nane, akuyang'ana tayala.

"Ababa, ingozisiyani. Anthu akhala pamphasa."

Ndamuuza kuti alendo a mwana wanga sangakhale pamphasa bambo ake ali ndi ngolo. Wandimanga chala ndi kansalu. Wamanga bwino.

Lachisanu

Ndaganiza mofatsa ndipo ndapeza polakwika. Chitsulo cha ku London chikufuna mnzake wa kwawo. Mayiko enawa sichikuwamva chilankhulo.

Ndapita kwa a Nasoni, amene anali makaniki pa esiteti ya fodya ine ndisanamere ndevu. Atulutsa bokosi pansi pa bedi. M'bokosimo muli nsalu, m'nsalumo muli nsalu ina, m'menemo sipanala. Ya ku Mangalande. Yakale kuposa ine. Sinyezimira, ilibe nazo ntchito.

"Iyi sinandichititsepo manyazi," akutero. "Mukumasula chiyani?"

Ndati kantchito kakang'ono.

Yalowa pa nati ngati zinabadwa mimba imodzi. Paipi. Ine kumapeto, a Gilevazio pakati, poti sipanala si yawo. Wani, thu, fili!

Yayenda! Nati yayenda! Tafuula mpaka agalu auwa.

Yagwa pansi pamodzi ndi bawuti yake mkati, yodukira patsinde.

Yachiwiri chimodzimodzi.

Awiri achoka, atsala atatu. Ndikuika sipanala pa yachitatu, a Gilevazio afunsa kuti mabawuti onse akaduka, tayala latsopanolo ligwira pa chiyani. Limenelo ndinali ndisanaliganize.

Mangalande: yolimba zedi. Ilibe chilema chilichonse. Ngolo ndiye yavulala.

Mabenchi tanyamula pamanja, awiriawiri, kuchokera kutchalitchi. Mnzanga wa benchi ndi a Bizwiki. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Tikutula, apukuta thukuta n'kuti:

"Ng'ombe zanu zanenepa sabata ino, alamu."

Msoti wina wapezeka. Apereka ndi iwo omwewo.

Loweruka

Ngolo ndaiphimba ndi lona kuseri kwa nkhokwe. Ndavala jekete. Zala ndabisa m'thumba.

Akuchimuna afika kuchokera kwa Mlonyeni pa lole yaing'ono, akuimba. Pakati pawo pali azakhali ake a mnyamatayo, mayi wamtali wa duku lalikulu, amene amachita geni ya ku Chipata. Akuti zaka makumi awiri akukwera mathiraki a paboda, ndipo palibe tayala limene silinawaphwerepo panjira.

Apita kuseri kukafuna posungira chikwama. Akweza lona. Ndikufika ndawapeza atanjuta, zovala zatsopanozo zikukhudza fumbi, akupukuta bawuti ndi chala. Ndawafotokozera mwaulemu kuti ndi ekiselo ya ku London, ndiye njovuta pang'ono.

Aloza chilembo chija.

"Imwe atate, iyi L si London iyayi. Ni lefuti. Mazinga yake yayenda chobwerera. Mwenze kumanga chabe."

Sabata yonse. Ndakhala ndikumanga.

Afunsa ngati ndili ndi sipanala. Ya a Nasoni ndinabweza dzulo. Ndawapatsa nthochi ya ku India. Aika paipi, akokera kumanja. Nati yalira kamodzi, yamasuka. Yachiwiri. Pa yachitatu apuma pang'ono.

"Koma wamene anamanga apa ali na mphamvu!"

Ndathokoza.

Amene aona zimenezi:
– a Bizwiki
– a Gilevazio
– ankhoswe a mbali zonse ziwiri
– azimayi a nkhuni aja, onse asanu ndi atatu
– wojambula kanema, amene talemba ganyu kuti ajambule chinkhoswe

Tayala lagwa lokha, phi! Wina waimba nthungululu. Alendo a kutsogolo, osadziwa kanthu, alandira, ndipo bwalo lonse laimba nthungululu.

Chinkhoswe chayenda bwino kwambiri. Anthu akhala pa mabenchi. Tambala walandiridwa, msoti waperekedwa. Tadala povundukulidwa chitenje anayang'ana kaye kumene ndakhala ine, n'kumwetulira. Misozi inandituluka pang'ono. A Gilevazio afunsa, ndati ndi chala.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Mabenchi abwerera pa ngolo ya abulu.

Potuluka, a Nasoni andigwira dzanja, lopanda zilondalo. "Mukanangondiuza, mwana wanga. Magalimoto akale ambiri anali choncho kumanzere." Amva kale. Aliyense wamva kale. Kanema akuti ali m'mafoni mpaka kuboda.

Mabawuti a mazinga obwerera pa Waliranji kulibe. Azakhali aja alonjeza kukayang'ana ku Chipata. Sananene mwezi. Ngolo ili pa njerwa, nkhuku zayamba kale kuikira pansi pake.

Masana ndakhala pakhonde ndi masipanala anga atatu: yoyasama, yopindika, ndi theka. Pofuna chilungamo, ndikonze zimene ndinalemba:
– China: inauzidwa kumanga nati yomanga kale. Inakana. Ilibe mlandu.
– India: inapindika, komabe ndi imene yamaliza ntchito. Nkhuku ziwiri zija sizinapite pachabe.
– Joni: sitikudziwabe.
– Jeremani: imeneyo ikanathyoka ngakhale potsegula botolo.
– Mangalande: inachita zonse zimene ndinailamula. Vuto lake ndi lomwelo.

Chipangizo chimene chalephera sabata ino chilibe dzina la dziko pamsana. Chinapangidwa konkuno, ku Chiosya, zaka zoposa makumi asanu zapitazo.

Ndawawerengera amake Tadala mndandandawu. Amvetsera mpaka kumapeto, akusankha mtedza. Akuti chipangizo chimenecho anachitenga ndi iwo, kale kwambiri, risiti anataya, ndipo kumene chinachokera anawauziratu kuti katundu akatuluka sabwezedwa.

Kenako andipatsa tiyi. Wa shuga.