Njinga Yokatenga Rozi ku Nsanama

Lolemba

Ndaganiza basi. Loweruka ndikupita ku Nsanama kukatenga Rozi, mkazi wanga. Pa minibasi iyayi. Pa njinga yakapalasa, yomwe ija ndinkakwera pokamufunsira!

Chipitire ku maliro a mayi ake sanabwerere. Poyamba anati akukolola chimanga cha malemu. Kenako nandolo. Nandolo anatha kalekale. Dzulo pa foni wanena mosapsatira: "Kuno ndi kwathu, bambo a Joyce. Ku Ulongweko ndikatani, poti inu tsiku limatha osandilankhula?" Ine kuyankha kwake: "Eeh." Basi, foni n'kuduka. Ndikuopa kuti sabweranso, ndipo nyumba ino yandikulira.

Joyce, mwana wathu wa ku Blantyre, akuti zonse zimayambira m'mutu. "Adadi, m'mawa uliwonse muziima pagalasi n'kudziuza kuti ndingathe." Ana amasiku ano! Koma ndiyesa.

Zofunika:
kutsitsa njinga kudenga
pampu
galasi la Rozi, lothyoka pakona lija
miyendo

Lachiwiri

Njinga yatsika, pamodzi ndi mavu omwe anamanga pansi pa chishalo. Diso lakumanzere latupa.

Ndapita nayo kwa Che Amadu, mnansi wanga wokonza njinga. Aizungulira kawiri osaigwira. "Achimwene, iyi tikonze kapena tiike m'manda?" Ndawauza kuti akonze, anthu asaone ngati ndife osewera.

Pa kaliyala pakadali katsamiro kamene Rozi anasoka ndi chitenje chobiriwira. Makoswe adya theka. Ndakagwira, mtima kuti myuu. Masiku amenewo ndinkanyamuka dzuwa likutuluka, kuwoloka Shire pa Liwonde ndikuimba mluzu, kugula nzimbe ziwiri, ndi kufika ku Nsanama malaya osanyowa n'komwe. Iye ankandidikira pansi pa mtengo wa mango n'kumanamizira kusankha mpunga.

Ndaima pagalasi. "Ndingathe." Mdala wa m'galasimo, wa imvi ndi diso limodzi, sakuoneka kuti wakhulupirira.

Lachitatu

Kuyesa koyamba, kuchoka pakhomo kukafika pamsika. Njinga ikuyenda bwino. Amene akufunika girisi ndine. Mawondo akulira ngati chitseko cha kukhitchini. Anyamata akabaza akundipitirira uku akuseka: "Madala, tikukokeni?" Zitsiru. Ndinkadutsa msewu uno makolo awo asanadziwane.

Joyce akuti vuto ndikunong'ona. "Muzinena mokweza, thupi limve." Ndiye ndasamutsira galasi ku bafa, kuseri kwa nyumba, komwe kulibe munthu. Ndakuwa: "Ndine wamphamvu! Ndikadali mnyamata!" Poti wa m'galasi sayankha, ndikumuyankhira ndekha ndi mawu ena: "Zoona, bwana!"

Kunena chilungamo, zikukoma. Sindinalankhulepo mawu ambiri chonchi chaka chino.

Lachinayi

Zomwe zikuwawa:
ntchafu
msana
pokhalira (mayo ine!)
ngakhale zala, zomwe sizinapalase

Ndaiwala chinthu chimodzi. Bafa langa ndi laudzu, ndipo kuseri kwake ndi komwe Abiti Juma, akazi a Che Amadu, amatsukira mbale. Abwera ndi phala la mpunga, chinthu chomwe sanachitepo. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Dzulo ku bafa munali ndi ndani?" Ndati ndekha. "Nanga amayankha uja?" Ndati ndine ndemwe. Aika mbale pansi pang'onopang'ono, abwerera chambuyo mpaka kumpanda.

Sindinapalase lero. Ndangokhala pakhonde kupukuta masipoko. Ndakumbuka tsiku lomwe ndinamubweretsa Rozi kuno atakhala pa kaliyala, mtolo wa ziwiya pamiyendo. Tinalankhula njira yonse. Za chiyani kaya? Sindikudziwa kuti mawu onse aja anathera kuti.

Lachisanu

Tayala lakumbuyo laphulika lokha, njinga ili chiimire. Che Amadu atseka, apita kumzikiti kukapemphera Juma. Pobwera amata chubu, kenako akuti, "Takupemphereraninso, achimwene." Sindinawapemphe!

Masana kwabwera atcheyamani a mphakati wathu, ati amangodutsa. Munthu wongodutsa amanyamula korona m'manja? Akufunsa ngati ndikugona bwino, ngati ndikumva mawu. Ndati mawu ndikumva, ndi anga. Ayamba pemphero pomwepo.

Rozi wayimba foni yekha. "Muli bwino koma?" Wafunsa kawiri. Ndimafuna kunena kuti mawa ndikubwera, kuti ndakusowa. Chomwe chatuluka: "Eeh, tilipo." Ku bafa ndimakhala ngati mlaliki, pa foni ngati chitsa.

Galasi: "Ndingathe." Monong'ona, chifukwa Abiti Juma akutsuka mbale zomwe atsuka kale.

Loweruka

Ndikulemba nditagona chafufumimba.

Ndanyamuka m'mamawa, malaya oyera, katsamiro nditakasoka ndekha. "Ndingathe, ndingathe," phazi lililonse. Ndipo zimagwira, ndisaname! Ndafika pa Liwonde, ndawoloka Shire. Mluzu wokha wakana kutuluka. Nzimbe ndagula ziwiri.

Kupitirira Liwonde, dzuwa lakwera, msewu nawo wayamba kukwera. Chikweza chimenechi kale kunalibe, ndikulumbira. Ndikati "ndingathe," miyendo ikuti "iyayi." Ndikati "ndine mnyamata," chifuwa chikuseka.

Pamenepo ndakumbuka. Kale lija sindinkanena kuti ndingathe. Sindinkadziganizira n'komwe. Ndinkangoti "Ro-zi, Ro-zi," phazi ili Ro, phazi ilo zi. Ndayesa. Abale, njinga yayendanso! Ndakwera chikweza chonse misozi ikutsika, kaya ya thukuta kaya ya chiyani.

Pamwamba pake mwendo wakumanja wakokana, kuuma gwa. Ndatsika mosakonzekera, ine uku, njinga uko, nzimbe mumsewu. Ndakhala m'mbali mwa msewu, ndikumuuza mwendo kuti ungathe.

Minibasi yochokera ku Nsanama yadutsa, kenako mabuleki kwiii. Mawu ochokera pawindo: "Imani! Imani! Wamisalayo ndi mwamuna wanga!"

Rozi. Ndi chikwama chake chachikulu, ndi thumba la nandolo. Abiti Juma anamuyimbira Lachinayi kuti bwerani msanga, amuna anu mutu wasokonekera, akukambirana ndi anthu osaoneka ku bafa.

Njinga aimangirira kumbuyo kwa minibasi. Ine andikweza anthu awiri. Rozi watola nzimbe zija, wazipukuta ndi chitenje, wazifukata mpaka ku Ulongwe.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinapite, miyendo yanyanyala ntchito. Ku Nsanama sindinafike. Pa kaliyala sanakhalepo munthu. Ulongwe yense akudziwa kuti ndinapenga, ndipo atcheyamani akuti pemphero lawo layankhidwa. Joyce akuti ndinalephera chifukwa ndinasiya kukhulupirira. Chabwino, mwana wanga. Udzafika zaka zangazi.

Njinga Che Amadu aibweza kudenga. Galasi Rozi walichotsa ku bafa, walipachika pamalo pake.

Masana takhala pakhonde, iye akusenda nzimbe. Ndamufotokozera zonse, za galasi, za mavu, za chikweza. Waseka mpaka kutsamwa. Nditafika pa "Ro-zi, Ro-zi" wasiya kuseka, wayang'ana kumbali.

Kenako akuti: "Zaka zonsezi ine ndili pompano, inu duu. Ndangochoka pang'ono, mwayamba kucheza ndi galasi. Thumba la nandolo lija likatha ndiona ngati ndikhale. Mukakhala ndi mawu, bambo a Joyce, muzindiuza ine. Ine ndimayankha ndekha."

Pakamwa panga panabwera "eeh." Ndinamumeza. Ndamufunsa ngati mtengo wa mango uja ukadalipo.

Akuti ulipo. Tayambira pamenepo.