Masabuufa awiri ndi mdala wokwawa masana

Mukamva ku Manjawira kuti kuli mdala wina amene amakwawa m'nyumba mwake dzuwa likuswa mtengo, musavutike kufufuza. Ndine. Koma imvani kaye mbali yanga musanaletse ana anu kundipatsa moni.

Yohane, mwana wanga wa ku Joni, anatumiza katundu pa basi: kanema wamkulu ngati chitseko, timasipika, ndi mabokosi awiri akuda olemera ngati matumba a mbatata. Akuti masabuufa, ntchito yake kugunda basi. Pa foni anandilangiza bwinobwino.

"Ababa, ikani bokosi limodzi pampando wanu, muyatse kulira kumene kuli pa fulashi ndatumizayo, ndiye mukwawe m'mbali mwa khoma. Pomwe mumve kugunda kokoma, bokosilo likhale pomwepo. Linalo mbali inayo. Mabatani a kumbuyo musakhudze."

(Kuuza munthu ngati ine amene ndinabowola miyala m'migodi ya ku Joni kuti asakhudze batani! Ana a masiku ano.)

Lachinayi masana akazi anga, aNangozo, atapita ku mapemphero a amayi, ndinayamba. Kukwawa koyamba kunayenda bwino, mabokosi n'kupeza malo, lina uku lina uko. Kenaka ndinasuzumira kumbuyo. Lililonse linali ndi kabatani, mbali ina 0, mbali ina 180. Ine ndinakula ndikumanga ng'ombe pa goli, ndikudziwa kuti zikakhala ziwiri, ina imagwira kumanja, ina kumanzere. Basi, lina ndinaliika pa 0, linalo pa 180.

Ndinakhala pampando, pakatikati, n'kuyatsa. Zii. Ndinakweza. Zii. Ndinakweza mpaka pothera.

M'makutu munalibe kanthu, koma madzi a m'kapu patebulo anayamba kuchita makwinya okha. Nkhuku zimene zinkalongolola pakhonde zinangoti chete. Galu anadzuka, anayang'ana chitseko, ubweya uli njoo, n'kuchoka chammbuyo. Chitseko cha kabati chinatseguka pang'onopang'ono, popanda mphepo. Pachifuwa panandilemera monga zinkachitira pansi pa mgodi mwala ukafuna kugwa. Ndiye chithunzi cha malemu alamu anga, achimwene a aNangozo, chinayamba kupendekeka pakhoma, maso ali pa ine.

"Alamu," ndinatero motsitsa, "ngati ndi za dimba lija, tikambirane."

Nditasendera pakona, chinthucho chinandigwira mano: huuuuu, ngati chikuchokera pansi pa simenti. Kubwerera pampando, zii. Thukuta linali kamukamu. Ndinavula shati, n'kugwadanso, khutu pansi, kuchisaka.

Sindinadziwe kuti amayi onse a mapemphero akuwaperekeza aNangozo, popeza ankapita kukazonda wodwala kuseri kwathu. Anapeza malata akung'ung'udza, galu akulira kumunda, ndipo pawindo anaona mdala wopanda shati akukwawa pansi pa chithunzi cha womwalira.

"Bambo a Yohane!" anali aNangozo. "Mukulankhula ndi yani pansipo?"

"Mwazi wa Yesu!" anakuwa aNachisale, amene amatsogolera amayiwo. "Tiyeni amayi, taona tokha."

Apa mantha a alamu anatha, kunabwera mantha enieni. Inu mukudziwa, nkhalamba ikangotchedwa mfiti, dzinalo silichapika. Mwana aliyense wotentha thupi, chimanga chilichonse chofota, ndi iweyo. Amayi aja akanangodutsa mpanda, ndinali nditatha.

Ndinathamangira pakhomo ndi maondo otuwa. "ANachisale, pepani, lowani mukhale pampandopa. Mukapeza ufiti, kandinenereni nokha kwa abusa."

Analowa Baibulo lili pachifuwa, anakhala. "Sindikumva kanthu."

"Tsopano kwawani mpaka pakonapo."

"Ine? Ndi yunifomu yoyerayi? Madala inu, mulibe manyazi?"

"Manyazi ndawamaliza ndekha, mayi. Kwawani."

Anakwawa (Mulungu awadalitse, ndipo ndi mayi wathupi ndithu). Atafika pakona, duku linayamba kunjenjemera pamutu. Ndinazimitsa magetsi pakhoma. Malata anasiya, kapu inadekha, tambala n'kulira. Ndinayatsa, zinayambanso. Kenaka ndinazimitsanso n'kuimbira Yohane, foni ndili nditaikweza kuti onse amve. Mwana wopanda ulemuyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ababa, mwakhudza! Bokosi lina likamakankha mpweya, linalo likukoka. Pakati pomwe mwakhalapo zikuphana, koma m'makona ndi kudenga zikugunda zonse. Ikani onse pa 0, mutsitsenso, mugwetsa nyumba."

Ndinakonza mabatani, koma kutsitsa ndinaiwala. ANachisale anali atabwerera pampando kupumula. Nditayatsa, anapezeka ali pakhonde, nsapato imodzi yatsala m'nyumba.

Lamulungu anandichitira umboni ku tchalitchi kuti zinali za magetsi chabe (zoti nawonso anakwawa sanatchule, ine ndikutchula pano). ANangozo anandinyanyala masiku atatu. Ambiri anakhulupirira, ena mpaka lero akamadutsa pakhomo panga amafulumiza mwendo.

Ndikanayenera kumva chisoni, koma chaka chimenecho, kwa nthawi yoyamba, mapichesi anga anapsera mumtengo osabedwa ndi limodzi lomwe. Ndiye akayamba kufiira, aNangozo akangopita ku mapemphero, kabatani kamodzi kamabwerera pa 180.