Mpando wa Pansi pa Masitepe

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Ofesi Yolembetsa Makampani Ochokera Kunja,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada, ngakhale mawondo anga si a dzana. Ine ndine mmisiri wa mipando wa tsidya lino la malire, munthu wa utuchi m'makutu, wosayenera n'komwe kupukuta chidindo chanu. Mipando yanga imalimba moti wogula kamodzi sabweranso. Ndiye mlamu wanga, amene nzeru zimamusefukira pa zinthu za eni, anandiuza kuti popeza kwathu kuno aliyense wakhala kale pansi, ndikatsegule kampani kudziko lanu komwe anthu akadali chiimire. Ndinamvera. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo ndi amene ndikufuna kuthokoza lero.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu lakuya lija, loti kampani yachilendo isanalembetsedwe ikhale ndi ofesi, mu ofesimo mukhale mpando, pampandopo pakhale munthu wa kampaniyo, ndipo munthuyo asachokepo mpaka woyendera wanu atabwera mwadzidzidzi n'kumuona ndi maso ake. Akapeza mpando uli wokha, akuti zonse zimayambiranso pachiyambi. Ine sindikanasiya macheka ndi misomali, choncho mayi a kunyumba ndi amene anapita. Ananyamula kachikwama kamodzi, nati abwera Lolemba. Apo n'kuti mvula isanayambe. Inagwa, inatha, ndipo panopa mitambo yayambanso kusonkhana.

Chachiwiri, zikomo potipezera ofesi. Ndi kachipinda ka pansi pa masitepe, kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo munthu akamakwera pamwamba fumbi limagwera m'tiyi. Ndinafuna kutumizako mpando wanga wabwino, wotsamira, koma anyamata anu a pamalire anaubweza mwaulemu kwambiri, ati kampani yosalembetsedwa singalowetse katundu. Ndiye mkazi wa mmisiri wa mipando akukhalira mpando wobwereka, wa mwendo umodzi waufupi, wochirikiza ndi katoni yopinda. Bwana, ichi chimandiwawa. Ndikachiganiza ndimamenya chala ndi hamala.

Chachitatu, zikomo powapatsa anzawo ocheza nawo. M'kachipindamo si okha ayi. Kumanja kwawo kuli bambo wina wokhalira kampani ya simenti, amene anafika tsitsi lili bii, pano lachita mbuu. Kumanzere kuli agogo ena okhalira kampani ya mdzukulu wawo yokonza ndege; mdzukuluyo anasintha maganizo kalekale, akuweta nkhuku, koma palibe amene walimba mtima kuwauza. Anthuwa amagwirizana zedi. Wina akafuna kupita kuseri, anzake amayang'anira pakhomo, akaona mlendo n'kutsokomola kuti abwerere msanga pampando. Anaganizanso zoyambitsa bungwe la anthu okhala pamipando kuti lizikawadandaulira kwa inu, koma ofesi yanu inawayankha kuti bungwelo lipeze kaye ofesi, mpando, ndi munthu wokhalapo.

Chachinayi, ndisaname, oyendera anu amabwera ndithu. Wina anabwera n'kuyeza chitseko, nati iye ndi wa zitseko basi. Wina anayang'ana babu, analiyatsa, analizimitsa, n'kumapita. Mayi anamukodola kuti aone kuti iwo alipo, koma iye anaphimba maso ndi dzanja, ati kuona munthu pampando si gawo lake ndipo akhoza kuchotsedwa ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma nkhono yanuyi ndayamba kuikayikira ngati ili ndi mutu.

Mtima utandikwana ndinatseka shopu, ndinakwera basi, n'kufika ku ofesi yanu kudzafunsa za woyendera mipando. Mlembi wanu, mayi wa mawu ofewa, anandiuza kuti woyenderayo alipo, ali moyo, ali m'chipinda chapamwamba. Vuto ndi loti nthambi yake ndi yatsopano, ndiye naye sangadzuke pampando wake mpaka atayenderedwa. Nditafunsa kuti womuyenderayo ndani, anandilozera chitseko chanu. Ndinasuzumira, mundikhululukire. Ndinaona mpando waukulu wozungulira, ndipo pampandopo panali jekete lanu. Akuti lakhala likugwira ntchito mokhulupirika chiyambire chaka chatha. Ndinalipatsa moni. Tinayesa nafenso kusiya juzi ya akazi anga pampando wathu, koma tinauzidwa kuti chovala chimaimira munthu kuyambira paudindo wa mkulu kupita m'mwamba.

Tsono nkhani imene yandigwaditsa ndi iyi. Mwana wathu wachisamba, wamkazi, akukwatiwa Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno. Diresi anayesa akulira, mayi ake akuonera pafoni, agogo a ndege aja akuthirira ndemanga kuti manja a diresiyo atalika. Mwanayo wanenetsa kuti popanda mayi ake sakalowa m'holo. Mayi akenso anenetsa kuti sanapindikire msana pachabe, sadzuka kuti zonse ziyambirenso, ndipo amene akuwadziwa akudziwa kuti akanena atha. Apongozi anga sakhulupirira zoti padziko pali lamulo lotere. Iwo akuti mwana wawo ndinamuthamangitsa ndipo nkhani ya kampaniyi ndangopeka, moti akandiona pamsewu amalavula. Kamzime kathu nako kayamba kutchula foni kuti amayi. Ine ndawasowa akazi anga, Bwana. Nyumba yazizira, ndipo ndili ndi mipando yodzaza shopu yopanda woti ndikhale naye.

Setifiketi ya kampani sindikupempha, ndingayambe bwanji kanthu kakang'ono ngati ine. Sindikupemphanso kuti mukayendere woyendera, chifukwa masitepe ndi ambiri ndipo thupi lanu ndi la boma. Ndawerenga lamulo lanu mofatsa, ndipo likungoti pampando pakhale munthu wa kampani. Choncho ine, monga mwini wake, ndakulembani ntchito kuyambira lero. Ku ofesi kwanu sakusowani, jekete lilipo. Woyendera sangakupezeni molakwika, poti akudikira inu. Ndipo kukhala osachita kanthu simukufunika kuphunzitsidwa.

Chonde, Wolemekezeka, Lachisanu, tsiku la ukwati lisanafike, mutsikire pansi pa masitepe paja. Mutenge katoni yanu yopinda, chifukwa ilipoyo yaphwa, ndiponso chovindikira kapu. Bambo wa simenti adzakuonetsani katsokomoledwe. Mukhalepo pang'ono chabe, mayi akaone mwana wawo akukwatiwa.

Musade nkhawa, abwera Lolemba.

Ine wanu wogwada mpaka mutadzuka,

Mmisiri wa mipando,
Mwini kampani imene kulibe,
Mwamuna wa mayi a pansi pa masitepe.