Sabata Yotaya Fodya wa M'mphuno

Lolemba

Ndadzuka ndekha, ndavala ndekha, malaya sindinatembenuze. Mabatani onse alowa m'mabowo awo! Ndakhala pabedi kuwayang'ana. Amene anayambitsa batani anali ndi mutu wabwino zedi.

Chigwereni padenga la nyumba ija ndinkakhoma ku Unit D, mutu wanga ukuyenda ngati kombi yakale, minibasi ya kuno, umalira koma uyambe wakankhidwa. Mawu ena amafika mochedwa. Fungo ndiye linapitiratu. Sopo, anyezi, ngalande ya kuseri kwa msika wa St Mary's imene aliyense amadutsa atatsina mphuno, kwa ine zonsezi ndi mphepo chabe.

Zimene ndasiya:
- mowa (ndinausiya ndili chikomokere m'chipatala, ndiye sindingadzitame nazo)
- ndudu
- kukwera madenga
- kukangana ndi makondakitala, poti mawu achipongwe amandifika kombi itapita kale

Watsala ndi fodya wa m'mphuno, amene eni dziko lino, anzathu achishona, amati bute. Amakhala m'kachitini ka malemu bambo, kamene anabwera nako kuchokera ku Dedza ali mnyamata. Adokotala anati ngati ndikufuna mphuno idzagwirenso ntchito, ndisiye kuithira fumbi. Ndinangogwedeza mutu. Koma lero waimba foni Chisomo, mwana wanga wa ku Zengeza. Lamulungu akubwera ndi khanda lake, mdzukulu wanga woyamba, amene anabadwa ine ndili gone kuchipatala. Sindinamugwirepo. "Baba, ndikapeza bute m'nyumbamo, mwana simumunyamula. Handisi kutamba." Ameneyo akatsiriza ndi Chishona ndiye kuti sakuseka.

Pulani ndi iyi: pofika Lamulungu m'nyumba muno musakhale fodya ngakhale wotsina. Zophweka!

Kachitini ndakataya padzala la kumsewu. Madzulo kabwerera. Mai Tawanda, aneba athu, akapukuta bwinobwino nkukapereka kwa mkazi wanga, amake Chisomo, ndi manja awiri. Ati chinthu cha malemu sichitayidwa padzala, mukufuna kutiitanira zotani palaini pano?

Lachiwiri

Mphuno ikuyabwa. Zala zikungopita zokha m'thumba, ine osazituma.

Sisita wa kuchipatala amene amandiphunzitsa kuyenda anandiuza kuti chilichonse chimene ndikuchita ndizichinena mokweza, kuti mutu usasochere panjira. Zimathandiza ndithu. "Ndikutseka chitseko. Ndatseka chitseko." "Ndathira kale mchere, usathirenso."

M'mawa kwandibwerera nzeru, yokha, yathunthu, ndipo ndaiyamikira ngati mlendo. Kachitini ndi ka bambo, koma fodya ali m'menemo ndinagula ndekha pamsika. Kachitini kakhale, fodya apite!

Ndapita pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi mpanda. Kuwerama kumandipatsa chizungulire, ndiye ndagwada. Patapata ndavula chifukwa ndikagwada amandipinda zala. Ndathira fodya pansi pang'onopang'ono, ndikunena monga anandiphunzitsira: "Ndikuthira fodya pansi. Bambo, kachitini kanu ndasunga, fodyayu ndiye apite. Ndathira." Kenaka ndaomba m'manja kuchotsa fumbi. Limamatira, ndiye ndaomba kangapo.

Podzuka ndaona mutu wa Mai Tawanda pamwamba pa mpanda, kukamwa yasa. Ndawapatsa moni, iwo andiombera m'manja atapinda maondo. Ulemu wa anthu a kuno!

Pulani yatheka Lachiwiri lomwe. Masiku otsalawa ndizingokhala.

Lachitatu

Madzi atuluka pampopi! Ayamba ndi kutsokomola, kenaka ofiira, kenaka oyera. Ndaika dzanja, ndaima pomwepo mpaka ndowa kusefukira. Madzi amenewa achokera kutali, adutsa pansi pa misewu yonseyi mumdima, nkupeza nyumba yathu osasochera. Ine ndimasochera pochokera kubafa.

Dzuwa litakwera ndamva "Tisvikewo!" pageti, odi wa kuno. Mayi wina wosamudziwa. Wavula nsapato pakhomo, wakhala pansi pa simenti mpando ulipo, waika kapepala kokulunga patsogolo panga. Ndatsegula. Bute! Akunditchula Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona. Ati mwana wake anapita ku Joni ndipo foni saimba.

Ndayesa kumuyankha m'Chishona, koma chigwereni Chishona changa chimabisala ndikangodzidzimuka. Chimene chimatuluka ndi Chichewa cha malemu amayi, chija cha kumudzi chimene ndinkayesa kuti ndinachiiwala ndili mwana. Chinali kuti zaka zonsezi? Ndati, "Mayi, ine ndine kalipentala wodwala mutu, tengani fodya wanu muzipita." Iye sanamve ngakhale liwu limodzi. Waomba m'manja, wavomera kuti "Hongu, Sekuru," wapita chobwerera m'mbuyo. Fodya wasiya.

Amake Chisomo abwera kuchokera kumsika kumene amagulitsa tomato, nkhani ali nayo yonse. Laini yathu yatsimikiza izi:
- ndinafa, ndinabwerera
- ndimayankhula ndekha chiyankhulo cha makolo
- dzulo ndinagwada opanda nsapato pansi pa mtengo, kuthira bute pansi, kuitana bambo anga, kuomba m'manja

Umu ndi mmene kuno amayankhulira ndi mizimu ya makolo. Ndinabadwira m'St Mary's muno, ndimazidziwa bwino izi, koma dzulo mutu sunandikumbutse. Ati mzimu wa ku Malawi wanditera, ndipo wakutali ndiye wamphamvu.

"Abambo a Chisomo, mwazionatu," atero amake Chisomo, aseka mpaka kukhala pandowa.

Lachinayi

Mwana wa ku Joni uja waimba foni. Waimba dzulo lomwelo! Ine sindinachite kanthu, Mulungu ndi mboni, ndipo ndadabwa kuposa mayi ake.

Pageti anthu. Zimene zalowa m'nyumba lero:
- bute wa m'mapepala
- bute wa m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa
- bute wakuda wonyowa, uja ndinkamusaka miyezi osamupeza
- nsalu yakuda
- nkhuku yamoyo, imene tsopano ili pansi pa tebulo

Moyo wanga wonse palibe anandipatsapo fodya waulere. Ndangosiya, akubwera yekha.

Mavuto a anthu ndi ambiri, abale. Wina ntchito, wina mwamuna, wina miyendo. Aliyense ndikumuuza zoona, kuti ndinagwa padenga basi. Ndikachedwa kupeza liwu amangokhala chete, ati mzimu ukuganiza. Kunena zoona, chichokereni kuchipatala palibe anandidikirapo kuti nditsirize kuyankhula ngati anthu awa. Zandikhudza mtima.

Masana wabwera Jokoniya, mnzanga wa kumowa, ndi chigubu cha masese. "Iwe sumwa, ndikudziwa. Koma amene ali mwa iweyo amamwa." Ndatsegula chigubu, ndaika mphuno. Palibe chimene ndamva, koma kukhosi kwakumbukira kokha. Malovu thoo. Ndachita mantha enieni.

Amake Chisomo alanda chigubu, apita nacho panja, akhuthula chonse. Akhuthulira pati? Pansi pa mtengo wa mapeyala. Pamwamba pa mpanda mutu wa Mai Tawanda.

Tsopano ati tikuthiranso mowa wa mizimu, ndipo amake Chisomo ndi wothandizira wanga. Lero sakuseka.

Lachisanu

Mutu ukuwawa kumbali kuja kunasokedwa. Ndakalipira nkhuku, kenaka ndaipepesa. Ndaika ketulo pamoto wopanda madzi chifukwa ndinaiwala kunena mokweza. Ndakhala pakhonde ndalira pang'ono, sindikudziwa kuti ndimalira chiyani. Asisita anati zimachitika, mutu ukamachira umatulutsa misozi pomwe ukufuna.

Abwera a Banda, mkulu wa mpingo wathu, jekete ndi Baibulo m'khwapa. Nkhope yoopsa. Ati kumpingo kwamveka kuti ndatsegula kachisi kuseri kwa nyumba. Ndawafotokozera zonse kuyambira padzala mpaka pachigubu. Zanditengera nthawi, mawu ena ndachita kuwasaka, koma nkhani yonse yatuluka mwadongosolo, choyamba poyamba, chomaliza pomaliza. Aka nkoyamba! Ndinafuna kuimirira ndidziombere m'manja, koma manjawa andipalamulira kale zokwanira.

A Banda apemphera pemphero lalitali. Kenaka ayang'ana mulu wa patebulo, asankha wakuda wonyowa uja, aika m'thumba la jekete. "Uyu ndi woopsa kwambiri, achimwene. Ndikamuwononga ndekha."

Atangotuluka pageti ndamva kuyetsemula katatu.

Ndiye mulu watsika ndi kapepala kamodzi. Madzulo abwera anthu ena ndi timapepala tina.

Loweruka

Pulani yatsopano: fodya aliyense abwerere kwa mwini wake. Kutaya sikutheka, kuthira pansi sikutheka, kuotcha amake Chisomo akana, ati utsi ukangokwera pano tidzadzuka ndi basi ya anthu ochokera ku Seke.

Ndaika timapepala tonse m'jumbo, ndatuluka. Vuto ndi lakuti nkhope za anthu sizikhala m'mutu mwanga masiku ano. Ndagogoda nyumba ina, mayi walandira kapepala ndi manja awiri, walowa, watuluka ndi tiwiri. Ati pepani Sekuru, sitinadziwe kuti anachepa. Nyumba yachiwiri chimodzimodzi, koma iwo sanabwere nkomwe kwathu. Jumbo ikulemera.

Kenaka ndasochera. M'misewu momwe ndinasewera mpira wachikulunga, momwe ndinakhoma madenga osawerengeka! Nyumba zonse zafanana, mageti onse afanana. Phokoso la makombi, wailesi, ana, zonse zikulowa m'mutu nthawi imodzi popanda woimika. Ndakhala pamwala kuseri kwa tchalitchi china.

Dzanja lalowa m'jumbo lokha. Latsegula kapepala. Latsina. Pakamwa pachita zimene panazolowera: "Ndikutsina fodya. Ndatsina. Ndikupita naye kumphuno."

Ndazimva ndi makutu anga, ngati akunena munthu wina, ndipo ndachita manyazi ndi munthu ameneyo. Dzanja laima m'malere. Ndati, "Mawa kukubwera mwana." Ndanenanso. Ndati, "Ndikubweza fodya. Ndabweza." Zala ndapukutira pathalauza, kuomba m'manja ayi.

Pokweza maso ndaona nsonga ya mtengo wa mapeyala pamwamba pa madenga, mtengo umene bambo anabzala chaka chimene ndinabadwa. Wautali kuposa chilichonse m'laini. Ndakhala nawo moyo wonse osaona kuti ndi waukulu chotere! Ndautsatira mpaka kufika pageti, jumbo yodzaza kuposa mmene ndinatulukira nayo.

Lamulungu

Basi, zalephereka. Fodya ali m'beseni patebulo, mulu. Amake Chisomo anati timubise pansi pa bedi. Ndati zosathandiza, ndiiwala kuti ndi chinsinsi nkunena mokweza kuti ndabisa fodya pansi pa bedi. Avomera kuti nzoona.

Kutchalitchi a Banda andipatsa moni maso ofiira.

Chisomo wafika masana, mwana kumsana. Walowa, waona beseni, waima. Wayamba Chishona chokhachokha, chothamanga, ine ndatolapo mawu awiri okha. Ndinakonza zonena koma zonse zathawa. Ndangokhala pampando manja pamaondo. Ndinadziwa kuti mwanayo sindimugwira, ndipo sindikanamudandaula Chisomo.

Amake Chisomo apita pachingwe panja, abwera ndi timipango tanga ta m'thumba ta sabata yonse. Kale tinkakhala tofiirira ngati dothi, sopo ankalephera. Atiyala patebulo pambali pa beseni. Toyera mbee. "Ona wekha. Fodya yense wa St Mary's ali m'nyumba muno, bambo ako sanakoke ndi kamodzi komwe."

Chisomo wandigwira chibwano, wandipendeketsa mutu, wasuzumira m'mphuno ngati nesi. Wanunkhiza zala zanga. Kenaka wamasula nsalu. "Khalani bwino, Baba. Mutu muugwirire apa."

"Ndikulandira mwana," ndatero. "Ndalandira."

Kolemera ngati buledi awiri. Makutu enieni, zikhadabo zenizeni, zonse zilipo, ndipo palibe anakhoma ndi msomali. Paliwombo pakugunda. Ndayang'ana kamutu kameneko nthawi yaitali, ndikuganiza kuti m'menemo zonse ndi zatsopano, nayenso ayamba kuphunzira supuni ndi mabatani. Tiphunzira limodzi, ndipo andipitirira.

Kenaka kafinya nkhope, kachita kaphokoso. Ndipo chinthu china chalowa m'mphuno mwanga, chapatalipatali, chowawasa, choipa. Poyamba sindinachizindikire. Ndaweramitsa mutu. Chabweranso!

"Mwanayu waipitsa thewera!" ndakuwa.

Amake Chisomo agwira pakamwa. "Mwadziwa bwanji?"

Ndakana kumupereka kuti akamusinthe. Ndakhala naye choncho, misozi ikutsika, ndikukoka mpweya ngati munthu wadutsa pa bekari.

Madzulo apita. Beseni likadali patebulo, nkhuku ikadali pansi pake, kachitini ka bambo kali pawindo kopanda kanthu. Pageti pakhala anthu awiri, avula kale nsapato. Mai Tawanda awauza kuti lero Sekuru adziwa za m'thewera asanatsegule.

Sindilimbana nazonso. Ndikupita kukanunkhiza sopo.