Mwamuna Wobwereka wa ku Sikelo

Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya utolankhani, palibe nduna kapena wapolisi amene anandichititsa manyazi ngati mmene inachitira foni yanga yomwe, pakhonde panga, pamaso pa amayi a mpingo wathu. Ndikulemba izi mkwiyo usanathe, ndipo ndinene poyambirira kuti mlanduwu suli pa ine ndekha.

Nditapuma pa ntchito ndinabwerera kwathu kufupi ndi Limbuli, kumene masiku ano ndimalima nanazi. Ndili ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho mwezi uliwonse ndimapita ku chipatala chathu chaching'ono kukatenga mankhwala. (Ndati kukatenga. Miyezi yambiri kumakhala kukafunsa chabe.)

Tsiku lomwe ndikunenali ndinapeza Fanesi atakhala pamwala kunja kwa geti la chipatala. Fanesi ndi mayi wachitsikana amene amathyola tiyi ku esiteti, ndipo amachita lendi kanyumba kuseri kwa munda wanga. Mwamuna wake, Jowaki, anali atawoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambiki. Mayiyu anali ndi pakati, ndipo mapazi anali atatupa moti masilipasi ankaoneka ngati wabwereka kwa mwana.

"Bwanji mwakhala panja?" ndinamufunsa.

"Ndikudikira mwamuna, abambo."

"Kodi Jowaki wabwera?"

"Ayi. Aliyense amene angapezeke."

Apa ndifotokoze kaye. Pachipatala pathu pali lamulo, losalembedwa pakhoma lililonse, lakuti mayi wobwera ku sikelo ndi mwamuna wake ndiye amayamba kuonedwa. Wobwera yekha amakhala kumapeto. Popeza namwino wa sikelo ndi mmodzi, dzuwa likapendeka otsalawo amauzidwa kuti abwere tsiku lina. Cholinga chake ndi chabwino, ndikuvomera: abambo azidziwa za mimba zimene apereka. Koma amene anaganiza zimenezi sanafunse kuti amuna a kuno ali kuti. Ena ali ku Joni, ena ku Mozambiki, ndipo amene ali ku esiteti akajomba tsiku limodzi amakapeza kapitawo atapereka mzere wawo wa tiyi kwa wina. Choncho amayi anapeza njira yawo. Amapangana ndi wa kabaza kuti akawafikitsa pageti asabwerere, koma alowe nawo ngati bambo wa mwana.

"Amene ndinapangana naye wathawa," anatero Fanesi. "Akuti anesi amuzindikira, mwezi uno wabwera ndi akazi ambiri. Ine andibweza kale kawiri. Mutu ukuwawa, mapazi ndi awa. Abambo, simuyankhula kanthu ayi. Mungokhala pabenchi basi."

Ndinayang'ana mapazi aja. Ndinadziuzanso kuti mtolankhani weniweni amaona zinthu ndi maso ake, sadikira kuuzidwa. (Mawu amenewa andilowetsa m'mavuto kangapo, koma sanandilowetsepo mu ukwati.) Ndinakonza jekete, n'kulowa.

Mabenchi anali odzaza, amayi ena atayala zitenje pansi. Titangolowa, mayi wina wa kumapeto anakweza mawu.

"Iii, Fanesi! Awa ndi amuna ako kapena apongozi?"

"Asiyeni," anayankha wina. "Imvi zili kumutu kokha. Ntchito yawo mukuiona nokha."

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu. Ine ndinangoyang'ana chithunzi cha udzudzu chimene chinali pakhoma, ngati ndikuchiwerenga.

Amuna ena ochepa amene analipo sankafunika kuwafufuza kuti udziwe ntchito yawo. Mathalauza anali opisa m'sokosi, ndipo maso anali pawindo kumene anasiya njinga. Namwino atatulukira, mayi wamfupi wooneka kuti sanapume chiyambire chaka, anawayang'ana n'kupukusa mutu. Kenako anaona jekete langa, nkhope yake n'kuwala.

"Bambo, taimirirani. Amayi, onani. Bambo awa ndi achikulire, koma sanachite manyazi kuperekeza akazi awo. Awombereni m'manja!"

Anandiwombera. Ndinayesa kukhala pansi, koma namwino anali atandigwira kale dzanja. Phunziro la tsikulo linali la kasamalidwe ka mwana wobadwa masiku asanakwane, amene amafunika kumangidwa pachifuwa kuti azimva kutentha. Anatulutsa chidole chopanda mkono umodzi, anandivulitsa jekete, n'kundimanga chidolecho ndi chitenje cha Fanesi. Kenako anayambitsa nyimbo yoyamikira abambo osamala, ndipo anati ine ndiziyenda uku ndi uku kutsogolo, ndikugwedeza mwanayo. Ndinayenda. Ndinagwedeza. Ndipo popeza ndimaimba besi ku kwaya, pakolasi ndinangozindikira kuti ndikuthandiza.

Kumeneko ndiye kunali kungokhala pabenchi.

Ubwino wake, tinali oyamba kulowa m'chipinda. Kumeneko mafunso anayamba.

"Msambo womaliza unali liti?"

Fanesi anayamba kuwerenga zala. Namwino anatembenukira kwa ine. "Bambo, inu simukukumbukira?"

"Ndimayendayenda," ndinatero.

"Nonse mumatero. Dzanja."

Anandibaya chala, chifukwa banja limayezetsa magazi limodzi. Podikira zotsatira anandilangiza kuti ndizisisita msana wa Fanesi madzulo, ndizimutungira madzi, ndiponso zinthu zina zokhudza kuchipinda zimene sindingalembe pano. Fanesi ankayang'ana pansi. Ine ndinkayang'ana denga, limene linali ndi chibowo chachikulu pamene pankayenera kukhala babu.

Koma namwino atamuyeza Fanesi kuthamanga kwa magazi, nthabwala zinatha. Anayezanso kachiwiri, anamufinya phazi ndi chala, n'kunena kuti zinali bwino kuti wabwera tsikulo. Anamupatsa mankhwala ndi tsiku lobweranso msanga. Ndiye ndifunse: mayi amene magazi ake akuthamanga chonchi, n'chifukwa chiyani anabwezedwa kawiri? Kodi mapazi otupa saoneka pokhapokha pambali pake pakhale thalauza? Funso limeneli ndikulifunsabe.

Tikuti tizituluka, namwino anatulutsa kachipangizo kooneka ngati foni yaikulu. Anati kwabwera ndondomeko yatsopano: makina aziimbira bambo aliyense sabata iliyonse, kumuuza mmene mwana akukulira m'mimba. Ndi mawu olankhula, osati olemba, kuti ngakhale osadziwa kuwerenga amve. Chipinda chopanda babu, namwino mmodzi, koma makina oimba foni alipo.

"Nambala yanu, bambo."

Kunena kuti ndilibe foni sikukanatheka, chifukwa inali kusuzumira m'thumba la malaya. Ndinatchula nambala yanga, koma kumapeto ndinasintha pang'ono. Namwino anangoiimba pomwepo, n'kuyang'ana thumba langa. Thumba linali zii.

"Bwerezani bwinobwino, bambo. Ukalamba umaiwalitsa."

Ndinabwereza. Thumba linalira.

Pamene ndinkafika pawindo la mankhwala kuti ndichite zimene ndinadzera, ndinauzidwa kuti a kuthamanga kwa magazi a akuluakulu ngati ine atha, ndikagule ku famase. Kunyumba mkazi wanga, amake Tadala, anafunsa za mankhwala. Ndinati atha, zomwe zinali zoona. Zina zonse ndinaganiza kuti ndidzanena pa nthawi yabwino. Ndinkafuna kupeza kaye njira yofotokozera chidole chija popanda kutaya ulemu.

Makina sanadikire nthawi yabwino.

Lachinayi lotsatira amayi a mpingo anasonkhana pakhonde pathu, atavala mabulauzi awo oyera, chifukwa inali nthawi ya amake Tadala kulandira gulu. Ine ndinali pambali, kusankha mbewu za nanazi. Foni inalira, nambala yachilendo. Khutu langa lakumanzere silimva bwino, choncho ndinazolowera kutsegula sipika. Ndinatsegula.

"Moni bambo," anatero mawu a mkazi, okoma ngati a pawailesi. "Zikomo chifukwa chobwera ku sikelo ndi akazi anu. Mwana wanu amene ali m'mimba tsopano wayamba kumva mawu. Muziyankhula naye madzulo aliwonse."

Nyimbo imene amayi ankaimba inafera pakamwa. Ndinayamba kudinadina kuti ndizimitse, koma zala zinali ndi dothi, ndipo pa nthawi yomweyo mawu aja ankati, "Kuti mumvenso uthengawu, dinani wani." Sindikudziwa kuti ndinadina chiyani. Chimene ndikudziwa n'chakuti uthengawo unayambiranso, kuchokera pa moni.

Maso onse anapita pamimba pa amake Tadala, amene mdzukulu wawo woyamba ali kusekondale. Kenako maso aja anabwera kwa ine.

"Amake Tadala," anatero amayi apampando mosamala, "kodi pali nkhani yabwino imene simunatiuze?"

"Si ine," anayankha mkazi wanga. Anatseka buku la nyimbo, n'kuliika pamiyendo. "Abambo, akazi anuwo ndi ati?"

Ndinafotokoza mwadongosolo, monga ndinaphunzirira: ndani, chiyani, kuti, liti. Ndinatchula lamulo la kusikelo, vuto la kuchepa kwa anamwino, ndi za amuna amene ali kunja. Ndili pakati pofotokoza za kapitawo wa ku esiteti, mayi wina anati, "Tiyeni tingowapempherera." Wina anati, "Fanesi wake uja wakuseriyu? Mwana wamng'ono uja? Abambo inu!"

Amake Tadala sanakweze mawu. Anaimirira, anamanga chitenje, n'kulowa m'kanjira ka m'munda wa nanazi. Amayi onse anatsatira pamzere, ine kumapeto. Amene ankadutsa pamsewu ayenera kuti ankaganiza kuti tikupita kukaona wodwala.

Fanesi atationa anagwada pakhomo pomwepo. Ananena zonse: za wa kabaza wothawa, za kubwezedwa kawiri, za magazi. Anaonetsa mapazi, amene anali ataphwa. Ananenanso za chidole ndi nyimbo, zimene palibe anamufunsa.

Mphepo inatembenuka nthawi yomweyo. Zinapezeka kuti pafupifupi mayi aliyense pagululo anali ndi nkhani yake.

"Mwana wanga anabwereka wa kabaza wonunkha kachasu," anatero wina. "Anesi atamufunsa dzina la mkazi wake, anatchula la mkazi wake weniweni. Iwe Fanesi unachita mwayi, unapeza wa jekete."

"Abambo," anatero amayi apampando, amene mphindi zochepa m'mbuyomo ankandiyang'ana ngati mbuzi yolowa m'munda, "mpongozi wanga ali ndi sikelo Lolemba. Mwana wanga ali ku Joni. Muli ndi mpata?"

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mowongoka. Mlandu unali utatha, mboni inali itandiyeretsa, ndipo ndinkaona kuti mwina ndiyenera kuyamikiridwa. Alendo atapita ndinapeza amake Tadala akusenda nandolo kuseri kwa nyumba.

"Ndiye mwamva nokha," ndinatero. "Palibe chimene ndinalakwa."

"Za Fanesi palibe mlandu. Mukanamusiya pamwala paja, ndikanakukwiyirani koposa." Anasenda nandolo wina. "Akuti munamanga chidole pachifuwa?"

"Anachita kundimanga."

"Munaimbanso?"

"Pang'ono. Pakolasi pokha."

Anasiya kusenda. "Ine ndinakuberekerani ana anayi. Ku sikelo ndinkapita ndekha, wapansi, wina ali kumbuyo. Tsiku lobadwa wachiwiri anandinyamula panjinga ndi achimwene anga, inu muli ku Blantyre kuthamangira nduna. Simunapondeko ngakhale pageti. Lero mimba ya eni ake ndiyo mwakaimbira nyimbo."

Ine amene ndinkapanikiza anthu akuluakulu ndi mafunso mpaka kutuluka thukuta, ndinangotola nandolo n'kuyamba kusenda. Ndinkafuna kunena kuti masiku amenewo kunalibe lamulo lotere. Mwamwayi pakamwa panakana.

M'mawa mwake ndinapita ku chipatala kukachotsetsa nambala yanga. Namwino nditamuuza zoona sanadabwe. Anati anandikayikira kuyambira pa msambo paja, koma amuna a jekete ndi osowa ndipo phunziro linkafunika chitsanzo. Za nambala anati iye angathe kulowetsa kokha. Kuchotsa amachotsa ndi anthu a ndondomekoyo ochokera m'tauni, ndipo amabwera galimoto ikakhala ndi mafuta. Ndinamufunsa ngati lamulo la amuna lisinthe. Anandilozera mzere wa amayi umene unafika mpaka pamtengo wa mango, n'kunena kuti ndikapeza namwino wachiwiri ndibwere naye, tidzakambirane.

Choncho lamulolo lilipobe, a kabaza akukwatirabe m'mawa n'kusudzula masana, ndipo ine ndikadali wokwiya. Foni nayo ikuimbabe Lachinayi lililonse. Ndinkafuna kuti ndizingoidula, koma amake Tadala analetsa. Akuti ndizitsegula sipika ndi kumvetsera mpaka kumapeto, chifukwa kalasi imeneyi ndinajomba kanayi.

Sabata yatha mawu aja anati pa miyezi yomaliza mayi amavutika kugona, msana umawawa usiku wonse, ndipo ena amalira okha popanda wowaona. Uthenga utatha ndinatembenuka.

"Kodi nanunso zinkatero?"



"Dinani wani," anatero amake Tadala. "Mumvenso."