Tabo ya Lole Yanga ndi Chinkhoswe cha Esnart

Lolemba
Lole ikufuka utsi wakuda, pamtunda ikuchita kukwawa. Makaniko wa ku Salima akuti tabo, kachitsulo konga nkhono kopopera mpweya mu injini, yadzaza mwaye, ndimusiyire masabata awiri. Masabata awiri! Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wanga Esnart kuno ku Senga Bay, ndipo ndinalonjeza asewere anga kuti akuchimuna onse ndikawatenga ine ku Khombedza. Nditsuka ndekha.

Lachiwiri
Zida: sipanala ziwiri, palafini, mswachi wakale, beseni la mayi a Esnart. Bawuti imodzi yaduka. Khungu la chala latsala mu injini. Koma tabo yatuluka, ili m'beseni.

Lachitatu
Ndikuchokera kosaka bawuti, beseni palibe. Mayi a Esnart apita nalo kunyanja pamodzi ndi mapoto a chinkhoswe. Akubwera akunyadira: "Chitsulo chanu chija ndakwecha ndi mchenga mpaka m'kati, onani kuwalako." Kuwala ikuwaladi. Ndikazunguza timapiko ta m'kati, mchenga ukuchita kumveka. Mtima ukuwawa, koma ndidzudzule ndani? Beseni ndi lawo.

Lachinayi
Kutsukuluza kasanu, mchenga ukutulukabe. Aphunzitsi oyandikana nafe, osagwirapo ndi chiwongolero chomwe, akuti ndiuzire ndi pampu ya njinga. Ndauzira. Ndamanga zonse. Zotsala m'manja: washala imodzi ndi kamphira kosadziwika kwawo.

Lachisanu
Injini yalira! Mphindi zitatu zokha. Kenaka phokoso ngati chigayo, utsi woyera bwalo lonse, ophika thobwa kutsokomola, basi zii. Asewere akuimba foni, akufunsa ngati apeze minibasi. Ndawauza kuti asavutike, zonse zili bwino. Pakamwa pangapa!

Loweruka
Kuyambira m'mawa ndili pansi pa lole, foni ndathimitsa. Akuchimuna akhala pamsewu mpaka masana. Afika cha m'ma folo, ena pakabaza, suti ya mkamwini fumbi lokhalokha. Ankhoswe awo atsalira ku Salima, mwambo wayendetsedwa ndi mlamu wa ankhoswewo wosadziwa ndi dzina la mkwatibwi. Asewere andipatsa moni osandiyang'ana. Esnart ndamupeza kuseri kwa nyumba akulira.

Lamulungu
Kutchalitchi sindikupita, ndilibe nkhope yopita nayo. Makaniko akuti tsopano ifunika tabo yatsopano, sinditsutsa. Esnart wandibweretsera tiyi pakhonde, wagwada bwinobwino, mawu ake otsika: "Bambo, pa ukwati musalonjeze kanthu. Mudzangobwera." Ndavomera.