Kafukufuku Kuseri kwa Nkhokwe ya Apongozi

Anzanga, musayambe kuseka, nkhaniyi ikundiwawabe. Ine ndine mlangizi wa zaumoyo pa kachipatala kena cha ku Kandeu kuno, ndipo chaka chatha anatiitanira ku boma kukatiphunzitsa kuchita kafukufuku tokha, osamangodikira azigalimoto a ku Lilongwe. Funso langa linali lanzeru ndithu: n'chifukwa chiyani abambo saperekeza akazi awo ku sikelo? Ndinati ndikafunse amayi akuluakulu, poti maso awo saphonya kanthu.

Wotiphunzitsa, Mayi Nasibeko, anati nyumba zokafunsako tisankhe pochita maere. Ndinaponya timapepala m'chipewa, kutola. Mudzi wonse uja, kodi si nyumba ya apongozi anga inatuluka?

"Mayi, iyi yokha ndisinthe," ndinadandaula. "Ine ndi apongozi sitiyang'anana, tikakumana panjira wina amapatukira m'chimanga."

"Maere sadziwa chipongozi, bambo Jere. Mukasintha, kafukufuku wafa, satifiketi iwalani."

Tamvani zimenezo! Munthu wamkulu, wapabanja pake, kumayankhula choncho?

Ndinapita basi. Apongozi atangondiona anafunda chitenje kumutu n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, ine mpando anandiikira uko, pansi pa mtengo wa pichesi, pakati pathu bwalo lonse. Ndiye munthu unganong'one bwanji? Ndinachita kukuwa.

"Amayi! Zimene tikambirane panozi n'zachinsinsi!"

Kalanga ine, kunali kuitana mudzi. Amayi amene ankasankha kachewere pa nyumba yoyandikana anasiya madengu, wakabaza wodutsa anatsika panjinga ati tcheni chavuka, onse makutu tcheru. Koma ine ndinalimba mtima, poti satifiketi ndinkaifuna.

"Kodi mukudziwapo bambo amene anakana kuperekeza mkazi wake ku sikelo?"

"Alipo!" anayankha apongozi msangamsanga, mawu ngati a kwaya.

"Dzina musatchule, amayi, nenani chifukwa chokha!"

"Dzina sinditchula, ndi munthu waulemu wake. Anati akuchita manyazi ndi anzake a kuntchito. Amavala yunifomu yabuluu, ndipo panopa wakhalira mpando wanga."

Phwete limene linaphulika pamenepo, ngakhale nkhuku zinathawa. Koma tandiweruzeni inu: munthu ungaperekeze bwanji mkazi kumalo kumene iwe umakhala uli kale chim'mawa? Si ndinkamuona pawindo ali pamzere? Kumeneko si kuperekeza?

Chondipsetsa mtima kwambiri, Mayi Nasibeko anati yankho limenelo ndiye lokoma kuposa onse, ndiliwerenge momwe analiyankhulira, pamaso pa anzanga onse ku boma. Ndinawerenga, yunifomu yabuluu ili m'thupi.

Satifiketi ndinalandira, inde, koma mpaka lero ndikamadutsa pamsika anthu amakuwa kuti, "Zachinsinsi!" Kafukufuku wina akadzabwera ndikachitira ku Biriwiri, kumene sindinakwatireko mwana wa munthu.